Mpingo wathu ugule foni yoonetsera mapemphero pa Facebook? Yankho kwa mlembi wa ku Mulanje

Funso

Ndine mlembi wa mpingo wina kufupi ndi Limbuli, kuno ku Mulanje. Tili ndi tchalitchi chachikulu ndi nthambi zinayi, ziwiri m'tsinde mwa phiri, imodzi cha ku Muloza, ina pakati pa minda ya tiyi, koma abusa ndi amodzi. Akhristu athu ambiri amagwira ntchito m'maesiteti, ena ali ku Joni. Tatsala ndi kangachepe kuchokera pa masika, ndipo achinyamata akuti tigule foni yapamwamba tizionetsa mapemphero pa Facebook monga amachitira a m'tauni. Akuluakulu akukayika. Kodi foni ingathandizedi ntchito ya Mulungu kuno, nanga tiyambire pati?

Yankho

Bambo mlembi, foni ingathandize kwambiri, ndipo achinyamata anuwo musawagwetse ulesi, chifukwa ntchito yonse tifotokoze panoyi adzaigwira ndi iwowo. Chimene tikutsutsa ndi poyambira pokha. Mapemphero a pa Facebook amafika kwa munthu amene ali ndi foni yatachi, bandulo yokwanira, netiweki yolimba ndi batire yodzaza, zonse zinayi pa ola limodzi. Gogo amene miyendo inamukana ku nthambi ya m'tsinde mwa phiri sangakwanitse zimenezo. Koma mwina m'nyumba mwake muli kafoni ka mabatani, kaja ena amati Mose wa Lero, kokhala ndi polowetsa memore kadi. Ntchito yanu iyambire pa kafoni kameneko, ndi pa mawu omva ndi khutu. Kanema abwere pomaliza.

Musanagule kanthu, chitani kalembera. Mtsogoleri wa mlaga uliwonse, kapena mphakati monga ena amatchulira, atenge pepala limodzi alembe dzina la munthu, nambala, mtundu wa foni, ngati imalandira memore kadi, komwe amatchajitsa, komanso kuti masana foniyo imakhala m'manja mwa ndani. Funso lomalizali musalidumphe. M'mabanja ambiri foni ndi imodzi ndipo imapita ndi bambo kuntchito, kotero uthenga wa amayi a Mvano wotumizidwa 10 koloko m'mawa umawerengedwa m'munda wa tiyi, ukamafika kwa mwini wake msonkhano watha kale. Aliyense afunsidwe ngati akulola kuti nambala yake ilembedwe, ndipo auzidwe ntchito yake. Mapepalawa akabwera, komiti idzaona ndi maso kuti a foni zatachi ndi angati pa nthambi iliyonse, ndipo zokambirana za akulu ndi achinyamata zidzapepuka.

Kujambula mawu

Foni yatachi iliyonse imatha kujambula ulaliki, ngakhale yakale. Chimene chimaononga ndi poikapo. Ikakhala pa benchi imatola chifuwa cha anthu, kulira kwa ana ndi mawu obwerera kuchokera ku makoma. Ikakhala pafupi ndi sipika ya zokuzira mawu, mawu amaphwanyika chifukwa kamaikolofoni ka foni sikapirira phokoso lotere. Iikeni pa gome la mlaliki, pamwamba pa kansalu kopinda kuti isamatole kugogoda kwa manja, pa mtunda wa masentimita 30 mpaka 50 kuchokera pakamwa, kumunsi kwake komwe kuli kabowo ka maikolofoni kutaloza kwa wolankhula. Dinani kachizindikiro ka ndege kaja musanayambe, apo ayi munthu akangoimba kujambula kumaduka. Yesani masekondi 30, mumvere, kenako muyambe zenizeni. Kamaikolofoni ka waya kopanira pa kolala n'kotsika mtengo koma kamasintha zinthu kuposa foni yodula. Pogula onetsetsani polowetsa pake, chifukwa foni zina zatsopano zilibe kabowo kozungulira ka mahedifoni, zimafuna ka USB-C.

Mvula ya Mulanje ikayamba kugwa pa malata, palibe maikolofoni ingapulumutse ulalikiwo. Ichi ndi chifukwa chimodzi chimene timalangizira kuti abusa azijambula padera uthenga wa mphindi 10 mpaka 12, Lolemba kapena Lachiwiri, m'chipinda chokhala ndi makatani ndi mipando yansalu, zitseko zotseka. Chifukwa china ndi chachikulu. Ulaliki wa Lamulungu umayenda ndi manja, nkhope, nyimbo ndi kuvomera kwa mpingo, ndipo womvera ali pakhonde sazilandira zimenezo. Komanso pa gome pamatuluka mawu ena odzudzula amene ndi a mpingo wokhawo. Mawu ojambulidwa amapita kutali ndipo sabwezeka.

Tsopano mtundu wa fayilo, pomwe ambiri amagwera. Pulogalamu yojambulira yobwera ndi foni nthawi zambiri imasunga mawu ngati M4A, ndipo mauthenga a mawu a pa WhatsApp ndi a mtundu wa Opus. Timafoni tambiri ta mabatani ndi timawailesi tolowetsa kadi sititsegula zimenezi, timafuna MP3. Choncho ikani pulogalamu yojambula mwachindunji mu MP3, kapena musinthe fayiloyo pa kompyuta ndi Audacity, yomwe ndi yaulere. Sankhani mono (mawu a njira imodzi), pa 32 kbps (kbps ndi muyeso wa malo omwe mawu amadya pa sekondi). Pamenepo mphindi imodzi imadya ma KB 240, uthenga wa mphindi 12 sufika ma MB 3, ndipo wa mphindi 30 ndi ma MB 7 basi. Mukasiya pa 128 kbps fayilo imakula kanayi, koma pa kasipika ka foni khutu silimva kusiyana kulikonse pa mawu olankhula. Nyimbo za kwaya zokha ndizo zimafuna 96 kapena 128. Yerekezani ndi kanema: pa foni zambiri za Android, wooneka bwino kwambiri wa 1080p amadya ma MB 100 kapena kuposa pa mphindi, malo omwe mungasungemo maola pafupifupi 7 a ulaliki.

Dzina la fayilo liziyamba ndi nambala ndipo likhale lalifupi, monga "014 Marko 4 Wofesa". Kagalasi ka foni ya mabatani kamaonetsa zilembo zoyambirira zokha, ndipo mafayilo makumi awiri oyamba ndi mawu akuti "Ulaliki wa abusa" amaoneka ngati amodzi.

Kufikitsa mawuwo popanda bandulo

Gulani ma memore kadi a 4 GB kapena 8 GB. Mauthenga a chaka chonse, 52 a ma MB 3, ndi ma MB 156 okha, kotero aakulu mulibe nawo ntchito. Ndipo makadi opitirira 32 GB amabwera ndi kasanjidwe ka exFAT komwe timafoni tating'ono sitiwerenga. Anu akhale pa kasanjidwe ka FAT32. Makadi achinyengo ndi ambiri m'misika: amalembedwa kukula kwina pomwe mkati ndi aang'ono, amalandira mafayilo bwinobwino, koma omalizira sakutseguka. Gulani imodzi kaye, muidzaze mpaka pakamwa, mutsegule mafayilo olowa pomaliza. Akaseweredwa onse, bwererani kwa wogulitsa yemweyo mukagule otsalawo.

Nthambi iliyonse ikhale ndi makadi awiri, ina ili kumeneko, ina ili kwa achinyamata ikudzazidwa, ndipo azisinthana pamene mkulu wa mpingo wabwera ku tchalitchi chachikulu. Mpingo woyamba unkachita chimodzimodzi ndi makalata: pa Akolose 4:16 Paulo akulamula kuti kalata ikawerengedwa ku Kolose ipite ku Laodikaya, ndipo ya kumeneko ibwere. Kadi ikabwerera muziifufuta yonse musanaikemo zatsopano, chifukwa ikadutsa m'tiokala ta anyamata oika nyimbo imabwera ndi mavairasi kapena zinthu zosayenera kuzungulira m'dzina la mpingo. Mafayilo oyambirira muzisunga malo awiri osiyana.

Timawailesi totchaja tolowetsa kadi ndi USB timapezeka pa Limbuli pomwepo ndi pa Chitakale. Nthambi iliyonse ikhale ndi kamodzi, ndi kena ka gulu loyendera odwala. Kwa amene ali ndi kadi yawo m'foni, ikani tebulo panja mapemphero akatha, wachinyamata aziwatumizira ndi Bluetooth. Fayilo ya ma MB 3 imadutsa pa mphindi imodzi kapena ziwiri. Pakati pa foni zatachi gwiritsani Quick Share kapena Xender, zomwe sizidya bandulo ngakhale pang'ono.

Koma kadi payokha si utumiki. Utumiki umachitika pamene anthu 10 kapena 15 akhala pansi pa mlaga, apemphera, amvera mphindi 12 zija, kenako mtsogoleri afunsa mafunso atatu: mwamva chiyani, chakuvutani ndi chiti, nanga sabata ino tichita chiyani? Mafunso ovuta mtsogoleriyo asawayankhe mongoganiza. Awalembe apite kwa abusa, ndipo abusa ayambe uthenga wa sabata yotsatira ndi kuwayankha, osatchula dzina la wofunsa. Apa ndi pomwe mbusa mmodzi amayamba kumveka m'nthambi zinayi sabata iliyonse, ndipo nkhosa nazo zimamveka kwa iye. Amene sadziwa kuwerenga, kapena maso anafooka, amalowa m'phunziro mofanana ndi wina aliyense, monga Aroma 10:17 imanenera kuti chikhulupiriro chimadza pakumva. Ngati pali agogo amene mtima wawo umamva bwino Chilhomwe, pemphani mkulu wodziwa chiyankhulocho ajambule pemphero lalifupi lowonjezera.

Tichenjeze chimodzi. Mawu ojambulawa ndi a pakati pa sabata. Asalowe m'malo mwa mkulu wa mpingo amene amalalikira Lamulungu ku nthambi. Mpingo umene wazolowera kuika wailesi pa gome, pakapita zaka zingapo umapezeka ulibe alaliki.

Za Baibulo lenilenilo, a foni zatachi aike pulogalamu ya YouVersion. Muli Buku Lopatulika, lomwe linatuluka koyamba mu 1922, Buku Loyera la 1998, komanso Mawu a Mulungu mu Chichewa Chalero. Akatsegula, asankhe kulitsitsa m'foni kamodzi kuti lizitseguka popanda intaneti. Ambiri sadziwa zimenezi ndipo amadabwa likukana kutseguka pakati pa mapemphero bandulo itatha. Baibulo lomvera la Chichewa limapezeka pa Bible.is, ya bungwe la Faith Comes By Hearing. Musanalikopere pa makadi ogawa, pemphani chilolezo ku Bible Society of Malawi, eni ake a mabuku awiri oyambawo. Nyimbo za oimba ena nazo zili ndi eni, ndipo nkhani zake amayang'anira a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso. Pa makadi a mpingo ikani zopeka kwaya yanu.

Mauthenga ndi magulu

Uthenga wamba wa SMS umafika pa foni iliyonse, ngakhale pomwe intaneti sikugwira. Umodzi umanyamula zilembo 160, kuphatikiza mipata. Koma mukangoikamo chilembo cha ŵ kapena kachithunzi ka manja opemphera, malire amatsika kufika pa 70, ndipo uthenga wa zilembo 150 umalipitsidwa ngati atatu. Mukatumiza kwa anthu 60 mwalipira mauthenga 180. Lembani w wamba, ndipo munene zinayi zokha: chiyani, kuti, liti, ndipo wotumiza ndani.

Uthenga wa maliro ndi wosiyana. Uyende ndi mawu apakamwa: mlembi aimbire akulu a nthambi zinayi ndi wapampando wa Mvano, iwo adziwitse atsogoleri a milaga, awa ayende khomo ndi khomo. Ndipo usaikidwe pa gulu lililonse mwinimbumba asanavomereze ndiponso amfumu asanauzidwe. Mwana amene ali ku Joni asamve za imfa ya mayi ake pa gulu la mpingo, pakati pa zilengezo za kwaya.

Pa WhatsApp tsegulani magulu awiri. Loyamba la zilengezo, momwe amalemba ndi oyang'anira okha. Limalandira anthu mpaka 1,024, kotero mpingo wonse ukwanamo. Lachiwiri la atsogoleri, lokambirana ntchito. Gulu limodzi la aliyense limadzaza ndi maluwa a "mwadzuka bwanji", malonda, ndale, maulosi ndi mankhwala ochiza chilichonse, ndipo pakatha mwezi anthu amalitseka pakamwa osaliwerenganso. Palinso njira yotumiza uthenga umodzi kwa anthu mpaka 256, aliyense n'kuulandira payekha, koma umafika kwa okhawo amene anasunga nambala ya mpingo m'foni mwawo. Choncho lengezani m'tchalitchi kuti aisunge pomwepo, foni zili m'manja.

Tumizani fayilo yeniyeniyo, osati linki. Ambiri amagula bandulo ya WhatsApp yokha, ndipo linki ya YouTube kapena tsamba lina sitseguka, kapena imayamba kudya mayunitsi. Aphunzitseninso kuzimitsa kutsitsa zithunzi ndi makanema kokha-kokha. Sankhani tsiku ndi ola losasintha, monga Lachiwiri 6 koloko madzulo, anthu ataweruka. Nyengo ya mvula, pamene tiyi amaphukira kwambiri ndipo othyola amafika kunyumba atatheratu, fupikitsani uthenga m'malo mouchulutsa.

Zinsinsi za anthu ndizo zimagwetsa magulu a mipingo kuposa china chilichonse. Munthu akauza mtsogoleri za matenda ake, za mimba ya mwana wake kapena za banja lake kuti amupempherere, sanauze mpingo wonse. Pa gulu pangalembedwe kuti "tipempherere m'bale wathu wina amene akudwala", pokhapokha mwini atalola kuti dzina litchulidwe. Zithunzi za odwala ali pa bedi, za ana, ndi za osowa akulandira thumba la ufa zisajambulidwe popanda chilolezo, ndipo ngakhale atalola, dzifunseni ngati inuyo mungakonde kuoneka choncho. Milandu ya mpingo isakambidwe pa foni. Mndandanda wa amene apereka ndi kuchuluka kwake nawo usaikidwe pa gulu, chifukwa umachititsa manyazi mayi wamasiye ndipo umatsutsana ndi Mateyu 6:3-4. Dziko nalo lili ndi malamulo pa izi: Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 ndi Data Protection Act ya 2024. Muikenso lamulo la mpingo loti mtsogoleri sapereka uphungu kwa mwana kapena kwa mkazi wa mwini pa mauthenga a usiku. Nkhani zotere zikambidwe masana, pamaso, pali mboni.

Ndalama ndi akuba

Chiyambire kalembera wa manambala amene a MACRA, bungwe la boma loyang'anira za mafoni ndi mawailesi, analamula mu 2018, SIM kadi iliyonse imalembetsedwa ndi chiphaso cha munthu. Ngati nambala ya mpingo ili m'dzina la msungichuma, pamalamulo ndi yake. Akasamuka, akamwalira kapena akayambana ndi komiti, nambala ndi ndalama zimapita naye, kapena zimatsekeka mpaka abale ake atayenda ndi makalata. Pitani ku ofesi ya Airtel ndi ya TNM ndi kalata ya mpingo mukapemphe akaunti ya bungwe yolandirira ndalama. Mutsegule mbali zonse ziwiri, Airtel Money ya pa *211# ndi Mpamba ya pa *444#, chifukwa akhristu anu ali pa makampani onsewa. Ma SIM awiriwa akhale m'kafoni ka mabatani kolowa makadi awiri, kopanda WhatsApp, kosabwereketsa.

Foni ikhale ndi msungichuma, kaundula akhale ndi mlembi. M'kaundulamo mulembe tsiku, wotumiza, kuchuluka, cholinga ndi nambala ya chiphaso cha kutumizako yomwe imabwera mu uthenga. Uthenga wa kampani sunena ngati ndalamayo ndi chakhumi, ya zomangamanga kapena chipepeso, choncho wotumiza azitsatiza ndi SMS yonena cholinga. Lamulungu lililonse awiriwa afananize zotsala m'foni ndi za m'kaundula pamaso pa munthu wachitatu. Ndalama imene kampani imadula potapa kwa ejenti ilembedwe ngati yogwiritsa ntchito. Ikapanda kulembedwa, pakutha pa chaka buku silifanana, ndipo munthu wosalakwa amayamba kunongedwa. Zikachuluka zisagone m'foni, zipite ku banki. Paulo yemwe sanalole kunyamula chopereka yekha, ndipo pa 2 Akorinto 8:20-21 akunena chifukwa chake: kuti wina asapeze pomunenera. A ku Joni angatumize kudzera ku Mukuru, koma nawonso azidziwitsa mlembi tsiku lomwelo.

Akuba a pa foni amakonda mipingo chifukwa akhristu amakhulupirirana. Njira zawo zofala ndi ziwiri. Yoyamba, amatumiza uthenga wooneka ngati wa kampani woti mwalandira ndalama, kenako amaimba akudandaula kuti atumiza molakwika, muwabwezere. Uthenga weniweni umabwera m'dzina la kampani, osati pa nambala wamba, ndipo musabweze kanthu musanaone zotsala m'akaunti. Yachiwiri, amaimbira mkulu wa mpingo kuti pali msonkhano wa mapemphero pa intaneti, awawerengere manambala 6 amene angolowa m'foni mwake. Akangowerenga, WhatsApp yake yalandidwa, ndipo mpingo wonse umalandira uthenga m'dzina lake wopempha ndalama zachangu. Manambala amenewo musauze munthu. Abusa ndi oyang'anira magulu onse ayatse chitetezo chachiwiri cha PIN chomwe chili mu WhatsApp momwemo. Nambala zolandirira ndalama zilembedwe ndi penti pa khoma la tchalitchi ndi m'nthambi, ndipo zilengezedwe mobwereza kuti abusa sapempha ndalama pa uthenga. Wokayika aimbe pa nambala yomwe amaidziwa kale, amve mawu.

Moto ndi netiweki

Batire ya foni yatachi ya 5,000 mAh imasunga pafupifupi ma Wh 19 (Wh ndi muyeso wa mphamvu ya magetsi), ya kafoni ka mabatani ya 1,000 mAh pafupifupi ma Wh 4. Pawabanki yolembedwa 10,000 mAh imapereka pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvuyo, kotero imadzaza foni yatachi kamodzi ndi pang'ono, osati kawiri. Sola ya mawati 20 pa tsiku la dzuwa labwino imapereka ma Wh 60 mpaka 70, okwana foni zatachi zitatu, kapena timafoni ndi timawailesi toposa khumi. Koma inu muli ku Mulanje. Chiperoni chikakuta phiri masiku atatu kapena anayi m'miyezi yozizira, sola imeneyo imangopereka kachigawo kochepa. Gulani ya mawati 40 kapena 50, batire ya mavoti 12, ndi kabokosi kowongolera kutchaja pakati pa ziwirizi. Kulumikiza sola ku batire mwachindunji kumaiphika, ndipo kuikama mpaka kutheratu kumaipha m'miyezi yochepa. Muzigwiritsa theka la mphamvu yake basi.

Ku nthambi ya ku Muloza kuli vuto lake. Foni ikaona kuti netiweki ya kwathu yafooka imatha kudumphira ya ku Mozambique, ndipo mayunitsi amatha ngati muli kunja kwa dziko. Zimitsani roaming, yomwe imalola foni kugwira netiweki ya kunja, ndipo musankhe netiweki pamanja m'malo moisiya isankhe yokha. Kwa abale a tsidya lina cha ku Milange amene ali pa Movitel kapena Vodacom, lumikizanani pa WhatsApp, chifukwa kuimba wamba kumawerengedwa ngati kuimbira kunja.

Mukukumbukira Namondwe Freddy mu Marichi 2023, pamene misewu, milatho ndi magetsi zinaduka m'boma lanu. Nthambi za m'tsinde mwa phiri zili pa njira ya napolo. Gulu la zilengezo ndi unyolo wa mauthenga a maliro uja zingapulumutse moyo ngati muzigwiritsa kufalitsa machenjezo a nthambi ya boma yoona zanyengo. Mufalitse okhawo ochokera ku boma kapena omveka pa wailesi, osati mphekesera. Ndipo manambala onse ofunika akhalenso pa pepala, m'pulasitiki, ku nthambi iliyonse, pakuti foni ikanyowa kapena kuzima amapita nayo.

Nanga Facebook ija?

Ili ndi malo ake, makamaka kwa a ku Joni ndi a m'tauni. Koma kuonetsa pompopompo kumafuna netiweki yokweza pa liwiro la pafupifupi 2 Mbps mosadukiza, ndipo pa liwiro limenelo ola limodzi limadya ma MB 900. Mapemphero a maola atatu ndi pafupifupi ma GB 3 Lamulungu lililonse, ndipo woonera naye akulipira mbali yake. Foni imatentha, batire imatha, ndipo mawu akapanda kuchokera ku makina okuzira mawu kudzera pa waya, anthu amatuluka pasanathe mphindi ziwiri. Kuyambira mu February 2025, Facebook imafufuta makanema oonetsedwa pompopompo pakatha masiku 30, kotero si nkhokwe yosungiramo. Mukafuna kuyesa, yesani pa malo enieni poimika foni, Lamulungu pa ola la mapemphero, ndi makampani onse awiri, chifukwa netiweki ya Lachitatu m'mawa si ya Lamulungu anthu atadzaza.

Chotheka lero ndi kanema wa mphindi ziwiri kapena zitatu, wa kwaya kapena wa moni wa abusa, kamodzi pa mwezi, wojambulidwa pa 720p n'kukwezedwa usiku. Kwa a ku Joni onjezani kuimbirana pa WhatsApp kamodzi pa mwezi. Kumalola anthu mpaka 32, ndipo nthawi ya ku South Africa ndi yofanana ndi yathu. Muzimitse makamera, mupemphere, abusa amve mavuto awo mmodzimmodzi. Munthu ali kutali amafuna kudziwa kuti kwawo akumutchulabe dzina.

Achinyamata adzakuuzaninso za mapulogalamu oyankha mafunso monga ChatGPT ndi Meta AI. Amathandiza kukonza ndondomeko ya msonkhano kapena kuwerengera bajeti. Koma mukawapempha vesi m'Chichewa, kawirikawiri amadzimasulira okha, ndipo mawu ake safanana ndi Baibulo lililonse la m'manja mwanu. Nthawi zina amaloza ndime yolakwika. Vesi lililonse litsimikizidwe m'buku lisanapite kwa anthu, ndipo nkhani zachinsinsi za akhristu zisalembedwemo.

Ndalama ya masikayo igawidwe motere. Gawo limodzi mwa atatu lisungidwe la mabandulo, mayunitsi ndi kukonza zowonongeka kwa chaka chonse, chifukwa ntchito zambiri zotere zimafa mwezi wachitatu pamene wogula bandulo watopa kutulutsa m'thumba mwake. Zotsalazo ziyambe ndi kamaikolofoni ka pa kolala, makadi 10, kachida kowerengera makadi, timawailesi tisanu, kafoni ka mabatani ka ndalama ndi mapawabanki awiri. Sola ibwere kenako, kuyambira ku nthambi yomwe ili kutali ndi magetsi. Foni yatachi ya mpingo ikhale yapakatikati, ya malo osachepera 64 GB ndi batire ya 5,000 mAh. Ngati ndalama yathera panjira, poyamba mungajambulire foni ya mmodzi wa inu.

Sankhani achinyamata awiri, mnyamata ndi mtsikana, ndi mkulu mmodzi wowayang'anira, ndipo aliyense aphunzitse wina, chifukwa wachinyamata lero ali pano, mawa wapita ku sukulu kapena ku Joni. Katundu yense alembedwe m'buku la mpingo ndi dzina la amene akusunga. Pakatha miyezi itatu komiti ifunse kuti milaga ingati yamvera sabata iliyonse, mafunso angati abwerera kwa abusa, ndipo odwala angati afikiridwa pakhomo. Nambala yomalizayi ikatsika chiyambireni kutumiza mauthenga, bwezani ntchitoyo m'mbuyo, chifukwa Yohane yemwe, pa 2 Yohane 12, anali ndi pepala ndi inki koma anasankha kukaonana nawo maso ndi maso. Ndipo tsiku limene maudindo asintha, ma PIN onse asinthidwe tsiku lomwelo, oyang'anira akale achotsedwe pa magulu, ndipo zilembedwe m'maminitsi.